Khutu la wokonza njinga ku Kafue

Njinga imene magiya ake asokonekera imadziwika ndi khutu isanaoneke ndi maso. Imabwera ikulira kumbuyo, tche-tche-tche, ngati mwana akukanda lata ndi msomali, ndipo mwini wake akangoimirira pa mapedulo kuti akwere kachitunda, tcheni chimadumpha, phazi n'kuponda pachabe. M'tauni ya Kafue, monga zilili m'matauni ena a m'mbali mwa njanji ku Zambia, njinga yotere imakathera pamthunzi pa wokonza, kufupi ndi msika kapena m'mphepete mwa msewu waukulu wochokera ku Lusaka. Wokonzayo amaikoleka panthambi ndi mphira wa chubu chakale kuti tayala lakumbuyo lilendewere, amapukusa pedulo ndi dzanja limodzi, n'kupendeketsa mutu. Kwa kanthawi sakhudza sipanala. Amamvetsera.

Kumvetsera kotereku kunabwera mochedwa pa ntchito yokonza njinga. Kwa zaka zambiri ntchitoyi inali ya hamala, pampu ndi beseni la madzi lofufuzira pamene chubu chabooka. Kuti ifike pofuna khutu lakuthwa ndi zala zofatsa, panadutsa njanji, mafakitale, kugwa kwa mafakitalewo, ndi salaula, katundu wakale wochokera kunja.

Malo enieniwo ndi amene amaitanitsa magiya. Kafue ili makilomita pafupifupi 45 kum'mwera kwa Lusaka, m'chigwa cha mtsinje umene unaipatsa dzina. Kumadzulo kuli madambo aakulu a Kafue Flats, athyathyathya mpaka kumene diso lathera. Koma Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, pamene Kafue siikwana bwino mamita 1,000, choncho wopalasa kupita kumpoto kudzera ku Shimabala ndi ku Chilanga amakwera mamita pafupifupi 300 asanaone mzindawo. Wolowera kum'mwera akawoloka mtsinje amafika pa Turnpike, pamene msewu umagawikana: wa ku Chirundu umatsetsereka m'mapiri kupita ku Zambezi, wa ku Livingstone umakwera mapiri a Munali usanafike ku Mazabuka. M'tauni momwemo giya imodzi imakwana. Ukangotuluka, miyendo imayamba kufunsa.

Tauniyi inabadwa ndi njanji. Mu 1906 kampani ya Pauling inamanga mlatho wa sitima pa mtsinje wa Kafue, wa zigawo 13, wotalika mamita 427, ndipo chaka chomwecho njanji inakafika ku Broken Hill, kumene lero ndi ku Kabwe. Katundu wa kunja anayamba kutsika pa siteshoni, ndipo njinga inali m'gulu la katunduyo. M'madera ambiri a dzikolo mahatchi ankafa ndi kashembe, motero akuluakulu a boma la atsamunda ndi amishonale ankayendera midzi pa njinga, kudutsa m'tinjira ta miyendo. Pang'onopang'ono inafika m'manja mwa eni dziko: makalaliki, amesenjala, alaliki, ndi aphunzitsi onga amene ankatuluka pa Kafue Training Institute, sukulu ya Amethodisti imene John Fell anaitsegula mu 1918. Amuna obwerera kuchokera ku migodi ya Wankie kapena ku Johannesburg nawonso ankalakalaka kufika kwawo akuguguza njinga, chifukwa inali umboni wakuti ulendowo unapindula.

Njinga ya nthawi imeneyo ndi imene anthu akuidziwabe: yakuda, yolemera, matayala a mainchesi 28, mabuleki a timitengo tachitsulo, kaliyala kumbuyo. Mayina a Raleigh ndi Humber a ku England anatchuka, kenako kunabwera Phoenix ya ku China, Hero ndi Atlas za ku India. Zambiri mwa njinga zotere zimakhala ndi mano 44 kutsogolo ndi 18 kumbuyo, kutanthauza kuti mapedulo akazungulira kamodzi njinga imayenda mamita oposa pang'ono asanu. Muyeso umenewu susintha, kaya ndi padambo kaya ndi paphiri, kaya wopalasa ali yekha kaya wanyamula matumba a makala kapena dengu la nsomba za mu Kafue. Phiri likakula, giya yachiwiri ndi kutsika n'kukankha.

Wokonza njinga yotere ankafunika mphamvu ndi kuleza mtima kwa mtundu wake. Kukhomerera kotapini, kuwongola limu pokunga masipoko, kuthira girisi m'mabelingi, kudula tcheni ndi msomali ndi hamala pamwamba pa nati: ntchito zonsezi zimalola kulakwitsa pang'ono. Panali magiya amtundu umodzi amene anthu andalama ankawadziwa, a Sturmey-Archer, atatu obisika mkati mwa habu, amene anayamba kupangidwa ku Nottingham mu 1902 ndipo ankabwera pa njinga zina za Raleigh. Amenewa sankawopa fumbi, ndipo kuwakonza kunali kukunga kapena kufewetsa katcheni kakang'ono kotuluka pa ekiselo. Akafa mkati, n'ngochepa amene ankalimba mtima kuwatsegula.

Pamene mlatho wa Kafue unkamangidwa, ku Saint-Étienne m'dziko la France kunali munthu wina, Paul de Vivie, wodziwika ndi dzina la Vélocio, amene ankayesa njira zosiyanasiyana zosinthira magiya ndi kulalikira ubwino wake m'magazini yake ya Le Cycliste. Akuluakulu a mipikisano sanamumvere msanga. Henri Desgrange, amene anayambitsa Tour de France, ankaona magiya ngati chinthu cha anthu ofooka, ndipo opikisana ankachita kutsika patsinde pa phiri, kumasula tayala lakumbuyo, n'kulitembenuza kuti tcheni chigwire giya ya mbali inayo. Kachipangizo kokankha tcheni kuchoka pa giya ina kupita pa ina, kotchedwa derailleur, kanaloledwa kwa onse mu mpikisanowo mu 1937, chaka chimene Roger Lapébie anapambana. Mu 1951 kampani ya Campagnolo ya ku Vicenza inayamba kugulitsa Gran Sport, derailleur ya kamkono ka zitsulo ziwiri zoyendera limodzi, kokokedwa ndi waya mmodzi n'kubwezedwa ndi sipuling'i. Maonekedwe ake ndi amene akulendewerabe kumbuyo kwa njinga zampikisano lero.

Chaka cha 1964 chili ndi nkhani ziwiri za ku Japan zimene zinadzakumana ku Kafue patapita nthawi. Pa masewera a Olympic ku Tokyo, othamanga analowa m'bwalo ngati a Northern Rhodesia, ndipo pa mwambo wotseka, pa 24 Okutobala, tsiku limene dzikolo linalandira ufulu, anatuluka atanyamula chikwangwani cha Zambia. Chaka chomwecho injiniya wa kampani yopanga zipangizo za SunTour, Nobuo Ozaki, anapendeketsa kamkono ka derailleur kuti kakamayenda kazitsata kutsetsereka kwa magiya, kuchoka pa yaikulu kupita pa yaing'ono, mpata wa pakati pa kagudumu kake ndi mano uli wofanana. Kusintha kwake kunali kochepa m'maso, koma tcheni chinayamba kukwera magiya mosavutikira, ndipo kwa zaka 20 lamulo linaletsa makampani ena kutengera nzeruyo.

Ku Kafue zaka zimenezo zinali za fumbi la zomangamanga. Ian Smith atalengeza ufulu wa azungu a ku Rhodesia mu 1965, mafuta a galimoto anasowa mu Zambia mpaka kumagulitsidwa mopimira, ndipo boma la Kenneth Kaunda linatsimikiza zopanga lokha zimene linkagula kum'mwera. Kafue, pokhala ndi madzi, njanji ndi msewu, inasankhidwa kukhala tauni ya mafakitale. Akatswiri a Doxiadis a ku Greece anajambula mapulani a tauni yatsopano, nyumba za Kafue Estates zinamera, fakitale ya nsalu ya Kafue Textiles of Zambia inatsegulidwa, ndipo mu 1970 Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba kupanga feteleza ndi makina omangidwa ndi Kobe Steel ya ku Japan. Kumunsi kwa mtsinje, kampani ya Energoprojekt ya ku Yugoslavia inkamanga damu la magetsi la Kafue Gorge. Anthu anakhamukira kuno kuchokera kuzigawo zonse, olankhula Chinyanja, Chitonga, Chibemba ndi Chilozi, n'kudzaza Estates, Zambia Compound ndi Shikoswe.

Wantchito wa shifiti ankafuna njinga yomufikitsa pageti nthawi isanakwane, ndipo misewu ya pakati pa nyumba ndi fakitale inali yathyathyathya. Njinga yakuda inapitiriza kulamulira. M'zaka za m'ma 1980 Zambia inali ndi njinga yakeyake, Eagle, yolumikizidwa ku Chipata ndi kampani ya Luangwa Industries, imene pambuyo pake inagulidwa ndi Tata boma litayamba kugulitsa makampani ake. Eagle nayo inali ya giya imodzi. N'zochititsa chidwi kuti tauni yodzaza ndi amisiri odziwa kuyeza chitsulo mpaka pa kachigawo ka milimita inkapalasa makina osafuna muyeso wotere.

Njinga zampikisano zochepa zimene zinkaoneka masiku amenewo, za mahandulo opindika ngati nyanga za nkhosa, zinali ndi tizitsulo tiwiri tosinthira magiya pa felemu, pakati pa mawondo. Tizitsuloti tinalibe poimira. Wopalasa ankatikoka pang'onopang'ono mpaka tcheni chikwere, kenako n'kutibweza pang'ono mpaka phokoso lithe. Waya akatamuka, zala zinkangowonjezera kukoka. Kachitsulo kopachikirapo derailleur kakapindika pang'ono, zala zinkakonza zokha popanda mwini wake kuzindikira. Luso lonse la kusintha magiya mwakachetechete linali m'manja mwa wopalasa, ndipo wokonza ankangoonetsetsa kuti tcheni chisagwere m'masipoko.

Mu 1984 chitetezo cha nzeru ya SunTour chinatha, ndipo Shimano, kampani ya ku Sakai imene Shozaburo Shimano anaiyambitsa mu 1921 popanga mafuliwilo, inatulutsa magiya a Dura-Ace okhala ndi poimira. Kukankha kamodzi, kumva kuti tha, tcheni chasamukira pa giya yotsatira. Mu 1990 chosinthiracho chinalowa m'chogwirira cha buleki, kotero kuti dzanja silinkachokanso pa handulo. Wopalasa anapepukidwa. Koma makina oima pamalo oikidwiratu sadziwa kukhululuka. Chosinthira chimakoka waya wa utali womwewo nthawi zonse, ndipo ngati poyambira palakwika ndi theka la milimita, magiya onse amalakwika chimodzimodzi. Luso limene linali m'zala za wopalasa linasamukira m'zala za wokonza.

Magiya otere anafika mochuluka m'matauni a Zambia kudzera pa khomo limene linagwetsa mafakitale a Kafue. Boma la Frederick Chiluba litalowa mu 1991, malire anatsegukira katundu wakunja. Mabelo a salaula anasefukira m'misika, nsalu za ku Kafue zinalephera kupikisana nawo, ndipo pofika zaka zoyambirira za m'ma 2000 makina a fakitale ya nsalu anali atakhala chete. Fakitale ya feteleza nayo inkayenda modukizadukiza. Mabanja ambiri anayamba kudya za m'manja mwawo: usodzi, makala, timisika, ntchito zokonzakonza. M'makontena a katundu wakale munkabweranso njinga zimene eni ake ku Ulaya, ku America ndi ku Japan anazitaya, zina za m'mapiri za matayala onenepa, zina zampikisano zopepuka ngati nthenga, pamodzi ndi zatsopano zotchipa za ku China. Munthu amene moyo wake wonse anakhomerera makotapini anangoona pamthunzi pake pafika njinga ya magiya 8 kumbuyo, mwini wake akudandaula kuti: giya ikudumpha, tcheni chikulira.

Apa ndi pamene ntchito yatsopano inaphunziridwa, kwambiri mwa kuyesa ndi kuonera kwa anzawo, ndipo ndondomeko yake ndi yofanana kwa wokonza wa pansi pa mtengo ku Kafue ndi wa timu ya Tour de France.

Wodziwa ntchito sayambira pa timasikuluwu. Amagwada kumbuyo kwa njinga n'kuyang'ana ngati timagudumu tiwiri ta derailleur taima mowongoka pansi pa giya, chifukwa gwero la mavuto ambiri ndi kachitsulo kotchedwa hanger, kamene derailleur imamangidwapo. Pa njinga zamakono kachitsuloka n'ka aluminiyamu wofewa, kopangidwa dala kuti kapindike kapena kuthyoka m'malo mwa felemu. Njinga imene yapanikizana ndi zinzake m'kontena kwa miyezi, kapena yagonekedwa chakumanja pamwamba pa basi pansi pa matumba a chimanga, kawirikawiri imatsika kachitsuloka katalowa mkati. Kakatero, munthu angapotokole timasikuluwu mpaka dzuwa kulowa, magiya aang'ono akakhala bwino aakulu amalira, aakulu akakhala bwino aang'ono amadumpha. M'mashopu aakulu muli chida choyezera. Wopanda chidacho amawongola ndi sipanala ya shifiting'i mofatsa, kapena amamasula derailleur n'kulowetsa m'bowo lake ekiselo ya tayala lina lakumbuyo la njinga yamagiya, popeza mazinga ake amafanana, a mamilimita 10. Matayala awiriwo akaima moyang'anizana, mpata wa pakati pa malimu uli umodzi kuzungulira konse, ndiye kuti kachitsulo kawongoka. Ekiselo ya njinga yakuda siilowa pamenepa, mazinga ake ndi a muyeso wa mainchesi, ndipo woikakamiza amawononga bowo. Aluminiyamu salola kuwongoledwa kambirimbiri, ndipo mitundu ya kachitsuloka ilipo mazanamazana, moti kupeza kofanana ndi kothyokako kungakhale ulendo wa ku Lusaka wobwerako chimanjamanja.

Chachiwiri ndi waya. Kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula itagwa, mphepo imanyamula fumbi n'kulilowetsa m'chikopa cha waya, ndipo dzinja likafika madzi amasandutsa fumbilo phala ndi dzimbiri. Waya wolimba amadziwika mosavuta: tcheni chimakwera magiya aakulu chifukwa chala chikukoka ndi mphamvu, koma chimazengereza kutsika chifukwa sipuling'i yokha siingathe kukoka waya wogwidwa ndi dothi. Kachigawo kopindika ka kumapeto, pafupi ndi tayala, ndi kamene kamayamba kuipa. Kusolola waya, kumupukuta, kumupaka timafuta topepuka, kapena kusintha kachigawo kokhako, kumachiza njinga zambiri zimene eni ake amaganiza kuti zafa magiya.

Kenako pamabwera timasikuluwu tiwiri tolembedwa H ndi L, timene anthu ambiri amatipotokola poyamba pomwe sitikhudza n'komwe kusintha kwa magiya apakati. Ntchito yake ndi mpanda. Ka H kamaletsa derailleur kupitirira giya yaing'ono, kuti tcheni chisagwere pakati pa giya ndi felemu. Ka L kamailetsa kupitirira giya yaikulu. Ka L kakamasuka kwambiri, tsiku lina pachitunda wopalasa amakankha chosinthira mpaka kumapeto, derailleur imalowa m'masipoko, tayala limaipinda n'kuithyola pamodzi ndi masipoko angapo, ndipo munthu amatha kugwa pakati pa msewu wa malole opita ku Chirundu. Wokonza wosamala amakankha derailleur ndi chala chachikulu mpaka kumapeto, tayala likuzungulira, kuti atsimikize kuti mpandawo walimba.

Pakatha zonsezi m'pamene khutu limagwira ntchito. Pamene waya amalowera mu derailleur pali kanati kozunguliridwa ndi zala. Tcheni chili pa giya yaing'ono, wokonza amakankha chosinthira kamodzi. Chikakana kukwera, kapena chikakwera mochedwa, waya ndi wofooka, ndipo kanatiko amakazunguliza kumbali yomasula, chifukwa kukamasula kumatalikitsa chikopa n'kukunga waya. Chikakwera koma n'kumakhudza giya yachitatu, tche-tche-tche, waya wakungika mopyola, kanati kabwerere kumbali yomanga. Sazunguliza kathunthu nthawi imodzi. Amapita kotala, kupukusa, kumvetsera, kotala ina. Chifukwa chake chili m'manambala: pa njinga ya magiya 8 kumbuyo, kuchoka pa giya ina kufika pa inzake ndi mamilimita 4.8, pa ya magiya 10 sipakwana mamilimita 4, ndipo pa ya 11 pamachepa kuposa apo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wokonza wopupuluma amapitirira malo abwino kawiri katatu osazindikira kuti anawadutsa. Pomwe pali bwino pamadziwika ndi zii, kungotsala kaphokoso kosalala ka tcheni chodutsa m'timagudumu.

Kasikuluwu kachitatu, ka B, kamatalikitsa kapena kuyandikitsa kagudumu kapamwamba ku mano a giya yaikulu. Mpata wa mamilimita 5 kapena 6 umakwanira pa njinga zambiri zampikisano. Ukachepa, pamamveka kugunda ngati mphero yakutali. Ukakula, magiya amasintha mwaulesi.

Pali matenda amodzi amene kanati sikangachize. Tcheni chatsopano chimakhala ndi theka la inchesi kuchoka pa pini ina kufika pa inzake, ndipo mapini akamadyeka chimatalika. Chikatalika ndi gawo losakwana limodzi pa 100, chimayamba kudya mano a magiya, ndipo chikasiyidwa nthawi yaitali ngakhale tcheni chatsopano chimadumpha pa mano odyekawo. Chimene chimafulumiza imfayi ndi oyilo wakuda wotsala mu injini ya galimoto, amene amapezeka ulele ndipo wakhala akuthiridwa pa njinga zakuda kuyambira kale. Tcheni chonenepa cha Eagle chimapirira. Tcheni chopyapyala cha njinga yampikisano, chikanyowa oyilo wotere n'kulowa m'fumbi la Okutobala, chimakhala ngati chikunoledwa pa mwala ulendo wonse. Kuchitsuka ndi palafini, kudontheza timafuta pa mfundo iliyonse n'kupukuta kunja mpaka chiume kumaoneka ngati kuumira mafuta, koma ndi kumene kumasunga magiya. Ndipo ogula ena amadandaula kuti mano a magiya awo ndi obenthuka ndi osafanana msinkhu, osadziwa kuti kuyambira mu 1989 Shimano inayamba kuwasema choncho mwadala, m'njira yotchedwa Hyperglide, kuti tcheni chizipeza pokwerera.

Chimene chimasiyanitsa wokonza wa ku Kafue ndi mnzake wa ku Ulaya ndi zipangizo. Njinga ya salaula imafika ndi mbiri yake: chosinthira cha magiya 9 pa tayala la magiya 8, derailleur ya Shimano yokokedwa ndi chosinthira cha SRAM kapena Campagnolo, chimene chimakoka waya wa utali wina. Zoterezi sizingagwirizane ngakhale khutu litakhala lakuthwa bwanji. Wokonza wanzeru amabwerera ku njira yakale. Zosinthira zina za pa felemu za m'ma 1980 ndi 1990 zili ndi kamphete kozimitsira poimira, ndipo tizitsulo totchipa topanda poimira timagwira ndi derailleur pafupifupi iliyonse. Luso limabwereranso m'zala za wopalasa, amene amaphunzira kumvetsera njinga yake monga ankachitira opikisana a m'masiku a Gran Sport.

Ena amasankha njira yachidule: kuchotseratu derailleur, kufupikitsa tcheni, n'kuchisiya pa giya imodzi yapakati. Munthu sangawadzudzule mwamsanga, chifukwa wonyamula katundu tsiku ndi tsiku amafuna njinga yodzuka m'mawa uliwonse, ndipo ndalama ya derailleur yatsopano ndi ndalama ya ufa. Komabe zimamvetsa chisoni kuona njinga yampikisano itadulidwa chonchi pomwe vuto linali waya wadzimbiri. Njinga yamakono ya mano 50 ndi 34 kutsogolo, 11 mpaka 28 kumbuyo, imayenda mamita oposa 9 pa kuzungulira kumodzi kwa mapedulo ikakhala pa giya yolemera, ndi mamita awiri ndi theka okha pa yopepuka. Kusiyana kumeneku ndi kumene kumalola munthu kukwera mapiri a Munali ali pachishalo. Kuchotsa magiya ndi kumubwezera ku kukankha.

Mtsutso wa giya imodzi uli ndi mboni yamphamvu. Bungwe la World Bicycle Relief linayambitsidwa mu 2005 ndi F.K. Day ndi Leah Missbach Day, ndipo F.K. Day ndi mmodzi mwa amene anayambitsa SRAM ku Chicago mu 1987, kampani imene imadya za magiya. Atafika ku Zambia kudzagawa njinga 23,000 kwa anthu odzipereka osamalira odwala Edzi m'midzi, anapeza kuti njinga za pamsika zikuthyoka msanga, ndipo anapanga yawo, Buffalo, yonyamula makilogalamu 100 pa kaliyala, ya buleki yopondera kumbuyo, yopanda waya ngakhale mmodzi, ya giya imodzi. Anthu odziwa derailleur kuposa wina aliyense anaona kuti kumudzi kopanda zipangizo siingakhalitse, ndipo anaika mphamvu pa kuphunzitsa okonza m'madera momwemo. Koma phiri silinachoke. Mu 2024 bungweli linatulutsa Buffalo ya magiya awiri, ya matcheni awiri, imene imasintha giya wopalasa akabweza mapedulo kumbuyo, popanda derailleur kapena waya. Patatha zaka zoposa 100, funso la Vélocio linayankhidwanso mwa njira ina, poganizira misewu ya kuno.

Kumbali inayo magiya apita patali. Mu 2009 Shimano inayamba kugulitsa Di2, derailleur yoyendetsedwa ndi kamota ndi batire, ndipo SRAM inatsatira ndi yopanda waya uliwonse. Okwera njinga zamasewera a ku Lusaka amene amatsika msewu wa Kafue m'mawa wa Loweruka, atavala zipewa zolimba, ena ali ndi zoterezi. Pa njinga zimenezi kanati kalowedwa m'malo ndi batani, koma hanger imapindikabe njinga ikagwa, ndipo tcheni chimadyekabe ndi fumbi lomwelo.

Njinga yokolekedwa panthambi imanama pang'ono, chifukwa dzanja lopukusa pedulo silikoka tcheni ngati mwendo wa munthu wokwera chitunda. N'chifukwa chake wokonza akamaliza amaitsitsa, n'kuuza mwini wake kuti akaiyese pamsewu, adutse magiya onse kukwera ndi kutsika, afewetse phazi pang'ono panthawi yosintha, ndipo aimirire pa mapedulo kamodzi kuti aone ngati tcheni chigwira. Ngati waika waya watsopano, amachenjeza kuti pakapita masiku angapo chikopa chidzakhazikika m'malo mwake, waya adzafooka pang'ono, ndipo kaphokoso kadzabwerera. "Mukabwere nayo, bambo, ndi kotala imodzi chabe," ndiwo mawu a nthawi yotere, ndipo wokonza wabwino salipiritsa kotala imeneyo. Mwini njinga amalowa mumsewu kulunjika ku Shimabala, kumbuyo kuli zii. Pamthunzi pamakhala patafika kale wina, njinga yakuda yopindika kaliyala ndi makala, pedulo likugwedera, ndipo wokonza amapukuta zala pa kansanza n'kutola hamala.